Anandichepetsa chifu ku India, tsopano nsima ikundikana ndipo apongozi akwiya

NyaKatoto84
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno, koma lero ndati nane ndilembe chifukwa zandifika pakhosi.

Kumayambiriro kwa chaka chino ndinapita ku India kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ija amati sleeve. Ndinali ndi makilo 131, shuga, bipi yokwera, ndipo mawondo anali atayamba kukana ngakhale masitepe a kuofesi. Opaleshoni inayenda bwino, uno ndi mwezi wachinayi, thupi likutsika, mankhwala a shuga adokotala andichepetsera. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Vuto lili pa mbale. Ndikangodya mbamu zitatu za nsima imandikhala pachifuwa apa, malovu n'kudzadza m'kamwa, nthawi zina mpaka kukasanza. Chipepala cha zakudya chimene anandipatsa kuchipatala kuja changodzadza paneer, dal ndi ma protein shake a m'zitini, zinthu zoti ku Zigwagwa simungazipeze. Tsitsi nalo likuthothoka, chipeso chikumatuluka chitadzadza.

Ndiye pali apongozi anga. Lamlungu tinakawaona ku Ekwendeni, anapha nkhuku, ine n'kundiikira mitanda iwiri. Ndinangonyema pang'ono ndi kachidutswa ka chidale, basi ndakhuta. Anadzuka pa mphasa osayankhula. Madzulo anauza mwana wawo kuti mkazi wakoyu akunyansidwa ndi chakudya changa, apo ayi pali matenda amene mukundibisira. Kutchalitchi nako wina anachita kundikokera pambali n'kundinong'oneza kuti masiku ano mankhwala aliko, ndisachite manyazi.

Amene munadutsamo kapena mukuzidziwa, mumadya chiyani ku Mzuzu kuno? Nanga achibale mumawauza bwanji?

Mbalagha_FC
Pepani asisi, koma ine zikundivuta kumvetsa. Munthu kukwera ndege, kulipira mamiliyoni, kuti nsima izikukana? Bwanji osangosiya kudya usiku n'kumathamanga m'mawa?

Nya_Chiputula
@Mbalagha_FC wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Mayiwa afunsa za chakudya, sanabwere kubwalo la milandu.

Namwino_Luwinga
Mayi NyaKatoto, choyamba mtima m'malo, zambiri mwa zimene mwalembazi zimachitika ndithu. Pa sleeve amachotsa 75 mpaka 80 peresenti ya chifu, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi, ndipo miyezi yoyambirira chimalandira mamililita 100 mpaka 150 okha, theka la kapu ya tiyi. Malo ochepa chonchi simungayambe kuwapatsa nsima. Ife tinazolowera kuti nsima ndiye chakudya, ndiwo n'zongothandizira kumeza. Kwa inu zatembenuka. Muziyamba ndi nsomba, nyama, mazira kapena nyemba, kenako masamba, nsima pomaliza ngati malo atsala. Masiku ambiri sadzatsala, ndipo si vuto.

Chimene thupi lanu likufuna kwambiri panopa ndi mapuloteni, magalamu 60 mpaka 80 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8. Chidale cha nkhuku chophika cholemera magalamu 100 chili ndi pafupifupi 30, koma inu simungachimalize nthawi imodzi. Ndiye muzidya tochepatochepa ka 5 kapena ka 6 pa tsiku.

Kadyedwe nako kasinthe. Mbamu yathu ija timangoiviika mu msuzi n'kumeza osatafuna, n'chifukwa chake ikukukhalani pachifuwa. Nyemani kakang'ono, tafunani mpaka kasungunuke m'kamwa, pumulani, kenako kena. Chakudya chimodzi chizikutengerani mphindi 20 mpaka 30. Osamwera madzi, dikirani mphindi 30 mutamaliza kudya. Koma tsiku lonse muzimwa pang'onopang'ono mpaka akwane lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo.

Tsitsi limathothoka kawirikawiri pakati pa mwezi wa 3 ndi wa 6, chifukwa thupi ladzidzimuka ndi opaleshoni komanso kutsika msanga. Limameranso. Musataye ndalama pa mafuta a tsitsi, idyani mapuloteni ndipo kayezetseni magazi aone ayironi.

Koma kusanzako musakutenge mopepuka. Kamodzikamodzi mutadya mothamanga, chabwino. Ngati ndi tsiku lililonse, kapena madzi omwe akubwerera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwina njira yachepa penapake. Komanso kusanza kwa milungu ingapo kumamaliza vitamini B1 m'thupi, ndipo ameneyo akatha mitsempha ndi ubongo zimawonongeka: miyendo dzanzi, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu kusokonezeka.

NyaKatoto84
Zikomo kwambiri asisita. Si tsiku lililonse ayi. Ndi nsima, mpunga ndi nyama yootcha zimene zikubwerera. Madzi ndi phala zikutsika bwinobwino. Za kumwera madzizo mwandithandiza, pakhomo pathu kapu imakhala pambali pa mbale nthawi zonse.

Bambo_Bypass
Monire mose. Ine anandichita bypass ku Johannesburg mu 2019, ndiye pa ulendowu ndine mkulu wanu, asisi. Yanga ndi yosiyana pang'ono. Pa chifu amasiya kathumba ka mamililita 30 okha n'kukalumikiza kumatumbo molumpha gawo lina. Chipepala cha zakudya zachilendo nane anandipatsa, chili mu drowa mpaka lero. Zonse zimene ndimadya ndimagula kumsika konkuno.

M'mawa ndi mazira. Lowiritsa lolimba lija limakhala pakhosi, ndiye ndimaliphwanyira mu poto ndi timkaka pang'ono, moto wochepa, lizituluka lofewa. Cha m'ma 10 koloko chambiko wopanda shuga. Masana usipa, ndipo apa mumvetsetse kaphikidwe. Wouma uja muuviike m'madzi ofunda, muchotse mitu ndi mchenga, muuphike ndi tomato ndi anyezi mpaka minga ifewe, osati kuukazinga m'mafuta mpaka kuuma gwa. Poti timadya ndi minga yomwe, mumapezamo kashiyamu wa mafupa. Miyezi yoyambirira mayi akunyumba ankachita kuusinja mu mtondo, kuusefa, n'kumathira ufa wakewo m'phala la soya. Fungo lake ana ankathawa, koma linandisunga. Madzulo soya pieces zophika mpaka kufewa, kapena chambo chowiritsa, ndi nkhwani wotendera. Nsinjiro musachulutse, mtedza uli ndi mapuloteni koma theka lake ndi mafuta. Nyama ya ng'ombe yogaya kapena yophika nthawi yaitali mu msuzi imatsika, kanyenya iwalani kaye.

Nsima ndinayambanso kudya patapita pafupifupi chaka, yofewa, kamtanda kamene mwana wa sitandade 1 angadandaule nako.

Chimene ndikuchenjezeni ndi zotsekemera. Tsiku lina pa ukwati ku Chibanja anatigawira thobwa, lija lothira shuga mosaumira. Ndinamwa theka la kapu. Pasanathe mphindi 20 thukuta linali kamukamu, mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera, m'mimba mukupota. Anzanga akuvina perekaniperekani, ine ndili gone pa mpando wakumbuyo wa galimoto, tayi nditamasula. Madokotala amati dumping, shuga amagwera m'matumbo nthawi imodzi osayima m'chifu. Imakonda ife a bypass, koma a sleeve ena imawapezanso. Ina imabwera mochedwa, patapita ola limodzi mpaka atatu, shuga wa m'magazi n'kutsika mwadzidzidzi. Sobo, maheu, tiyi wa masipuni atatu, zonsezo ndi gulu limodzi. Za gasi monga Fanta ndiye kawiri, shuga ndi mpweya womwe.

WakuUsisya
Nanga kondowole? Ndi wofewa uja, mwina angatsike bwino kusiyana ndi ya chimanga.

Bambo_Bypass
Ayi ndithu achimwene! Kondowole ndi womata, satafunika, amakafika m'katimo ali chinthu chimodzi. Ndipo chinangwa mapuloteni mulibe kwenikweni. Chigwada ndiye bola.

WakuUsisya
Adada, kondowole musamunyoze pagulu. Watikulitsa ife, onani mmene asodzi akwathu alili ndi mphamvu.

Mbalagha_FC
Mphamvuzo ndi za batala ndi kupalasa bwato, osati chinangwa kkkk

WakuUsisya
Inu a ku Karonga khalani chete, mumadya nthochi ngati ndiwo.

Mlomwe_mu_Mzuzu
Tabwererani pa nkhani abale. Mayi NyaKatoto, za dal musavutike nazo, ndi zamtundu wa nyemba zochotsa makoko, monga nandolo wathuyu. Nandolo amene timalima kwathu ku Phalombe wambiri amagulidwa n'kutumizidwa ku India komweko, kumene amakamuchotsa makoko n'kumuswa. Inu gulani nandolo kapena nyemba zouma, viikani usiku wonse, m'mawa tikitani ndi manja makoko achoke, phikani mpaka ziphwanyike zokha, mupondeponde ndi mthiko. Ndi chipere chathu chomwechi. Makoko aja ndi amene amachulutsa mpweya m'mimba, mukawachotsa chimatsika mosavuta. Sichifuna blenda, ngakhale magetsi atazima mbaula ikwanira.

Anganga_Mchengautuwa
Mwana wanga, za mapuloteni akuuzani odziwa. Ine ndiyankhe za apongozi poti nane ndine mpongozi wa anthu.

Mayi wachikulire akakuphera nkhuku ndiye kuti wakulemekeza. Mbale ikabwerera yodzadza amamva kuti wamukana iyeyo, osati nsimayo. Sakudziwa kuti chifu chinadulidwa, ndiye mumati aganize chiyani? Ife tinakula tikudziwa kuti mkazi akanenepa pa banja ndiye kuti akusamalidwa, akayamba kuonda timafunsa mwana wathu kuti ukumutani mwana wa eni ake. Mwinanso mayiwo akuopa kuti kwanu adzati mwana wawo ndiye akukuzunzani.

Nkhaniyi si yanu kuinena, ndi ya amuna anu. Apite okha, akhale pansi ndi mayi awo, awauze kuti mkamwana wanu shuga anamuvuta, madokotala anamuchepetsa chifu kuti akhale ndi moyo alere ana. Zipsera zilipo, ngati akufuna kuona mudzawaonetse kuchipinda. Mukadzapitanso tengani kambale kanu kakang'ono, muwapemphe kuti amama, ndiphikireni kankhuku kofewa kaja mumaphika inu, msuzi wambiri. Mukamaliza kambaleko adzaona ndi maso awo kuti mwamaliza. Ife akuluakulu timafuna kupatsidwa ntchito. Posachedwa adzayamba kukusungirani mazira a nkhuku zawo.

Tamika_265
Agogo mwanena bwino koma ine ndikutsutsako. Mukauza apongozi mwauza Ekwendeni yense. Mawa adzayamba kuti ndalama za mwana wathu zinathera ku India pamene ife denga likudontha. Za m'thupi mwa munthu ndi zake. Angonena kuti adokotala anandiletsa kudya kwambiri chifukwa cha shuga, basi. Si bodza.

Anganga_Mchengautuwa
Mwanawe, zimenezo zingagwire kutchalitchi ndi kuntchito. Koma mayi wobala mwamuna wako? Tsiku limene adzamve kwa anthu ena kuti munapita kukachitidwa opaleshoni osawauza, mlandu wake udzaposa wa nsimawu.

Nya_Chiputula
Apa ndili mbali ya agogo. Komanso bamboyo anali kuti pamene mayi ake ankadzuka pa mphasa? Ankangodya mitanda yake phee?

NyaKatoto84
Kkkk ankadya ndithu, anamalizanso yanga. Ndimuonetsa zimene alemba agogozi madzulo ano. Za ndalama sangadandaule, inali ngongole yanga ya kuntchito.

Moyo_Ulipo
Ine ndayima pa mayi anakukokerani pambali aja. Ndimamwa ma ARV kuyambira kalekale, ndipo ndikukhulupirira kuti ndine wonenepa kuposa ambiri a inu muno, moti kukiliniki akumandiuza kuti nditsitseko. Anthu akadali ndi maso a zaka za m'ma 1990, aliyense woonda ndiye kuti ndi matenda aja. Komabe mayiwo musawade. Anabwera kwa inu maso ndi maso n'kukuuzani za mankhwala, ambiri akanangonena kumbali. Muwathokoze, muwauze kuti muli m'manja mwa madokotala.

SlimQueen_Original
Amayi musavutike ndi maopaleshoni!!! Tiyi wathu wachilengedwe amasungunula mafuta a pamimba m'masiku ochepa, alibe vuto lililonse. Ndipezeni ku inbox, tikubweretserani pakhomo Mzuzu yense.

Admin_Mapale
@SlimQueen_Original malonda muno ayi, lamulo lili pamwamba apo. Ulendo wina ndikutulutsani.

Namwino_Luwinga
Ndipo mayi NyaKatoto musayerekeze n'komwe. Matiyi ambiri oterewa amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi, ndipo inu madzi ndi amene mukuvutika kale kuwakwanitsa.

Mbalagha_FC
Chabwino, ndifunse mwaulemu tsopano poti ndakalipidwa. Ngati munthu akudya pang'ono chifukwa chifu chachepa, si chimodzimodzi kungodya pang'ono mwa iwe wekha? Mpeni ukulowapo chifukwa chiyani?

Namwino_Luwinga
Funso limenelo ndiye labwino. Si chimodzimodzi. Munthu wonenepa kwambiri akachepetsa kudya, thupi limabwezera: njala imakula, ndipo limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mochepa. N'chifukwa chake ambiri amatsika makilo angapo kenako n'kubwerera pomwe anali, nthawi zina kupitirira. Gawo la chifu limene amachotsa pa sleeve ndi limene limapanga kwambiri homoni ya njala yotchedwa ghrelin, ndiye njala yeniyeniyo imachepa kwa miyezi yambiri. Mahomoni a m'matumbo nawo amasintha, moti ena shuga wawo amakhazikika m'masiku oyambirira, thupi lisanatsike n'komwe.

Komanso sachita aliyense. Amayang'ana BMI, kutanthauza makilo anu kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita, n'kugawanso kachiwiri. Kwa zaka zambiri malire anali 40, kapena 35 ngati pali matenda monga shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anatsitsa kufika pa 35, ndi 30 kwa odwala shuga. Ndi chithandizo cha matenda, osati zokonzekera ukwati.

Mphwake_wa_Wina
Koma anthu adziwenso kuti thupi limabwerera. Achemwali anga anachitidwa sleeve zaka zingapo zapitazo. Chaka choyamba tonse tinadabwa, madiresi onse anagawa. Kenako njala inayamba kubwerera. Nkhuku ndi nyemba zinkawakhutitsa msanga, ndiye anatembenukira ku zoterera: bisiketi zoviika mu tiyi, tchipisi cha pa chiwaya, zigege, yogati wotsekemera, Fanta akumwa pang'onopang'ono tsiku lonse pa shopu. Zimenezi sizikhala m'chifu, zimangodutsa, ndiye munthu ukhoza kudya kuyambira m'mawa mpaka madzulo osamva kukhuta. Lero makilo ambiri abwerera ndipo bipi yayambiranso. Chimene ndinaona ine n'chakuti atangobwera kuchokera kunja panalibe wowatsatira. Dokotala ali kutali, kuno palibe amene ankawayeza kapena kuwafunsa za kadyedwe.

Bambo_Bypass
Zimenezo ndi zoona, ndipo ndi pamene ife ochitidwira kunja timagwera. Asisi, pezani dokotala mmodzi konkuno, mumupatse mapepala onse a opaleshoni, azikuonani iyeyo. Magazi amayezedwa pa miyezi 3, 6 ndi 12, kenako chaka ndi chaka mpaka kalekale. Mavitamini nawo ndi a moyo wonse. Ine ndimamwa multivitamin, ayironi ndi kashiyamu wokhala ndi vitamini D, ndipo B12 ndimabayitsa miyezi 3 iliyonse. Ayironi ndi kashiyamu osamwera limodzi, zimalimbana, pazidutsa maola awiri. Ayironi osamweranso tiyi. M'mafamase a m'tauni nthawi zina mtundu umene mukufuna umasowa, ndiye musamadikire kuti botolo lithe.

Coach_Masasa
Onse akamba za mbale, ine ndikambe za miyendo. Thupi likamatsika msanga chonchi si mafuta okha amene amapita, minofu nayo imapita. Mukaitaya mudzakhala woonda koma wofooka, ndipo kunenepanso kumakhala kosavuta. Mankhwala ake ndi mapuloteni aja ndi kuigwiritsa ntchito minofuyo.

Milungu 6 yoyambirira amaletsa kunyamula zolemera kuposa makilo 5, kuopa kuti mabala a m'kati angatseguke. Inu mwadutsa pamenepo, ngati adokotala anakulolani yambani. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, komanso masiku awiri olimbitsa minofu. Ndiye kuti mphindi 30 masiku 5. Sizifuna jimu. Yendani mwandawala, mofika poti mukutha kuyankhula koma kuimba ayi. Poti mawondo anali ovuta, yambani ndi malo athyathyathya ngati msewu wa ku bwalo la ndege, zitunda za kwathu ku Masasa kuno mudzabwere pambuyo. Kuthamanga ndi kudumpha chingwe dikirani kaye.

Za minofu, khalani pa mpando n'kudzuka osagwira kanthu ka 10, pumulani, bwerezani katatu. Kankhani khoma ndi manja. Mabotolo awiri a malita awiri odzadza madzi akwana kunyamula. Ndipo botolo lakumwa lizikhala m'manja, chifukwa inu simungagugudize kapu yonse mukamaliza ngati anzanu.

Nya_Chiputula
A Coach, mwaiwala kunena kuti asiye kukwera kabaza pochoka ku Katoto kupita m'tauni. Ndi pafupi paja.

Coach_Masasa
Eya, koma akabaza asamve kuti ndanena ndine.

NyaKatoto84
A Coach zikomo. Vuto ndi kuzizira. Chaka chino Juni akundimvetsa kuwawa kuposa kale lonse, ndikugona ndi masokosi ndi juzi, bambo akunyumba akudabwa. Kudzuka 5 koloko m'chifunga chija ndi nkhondo. Komanso mawondo akamapweteka ndikayenda, ndingamwe Brufen?

Namwino_Luwinga
Brufen ayi. Diclofenac, Indocid ndi aspirin chimodzimodzi, pokhapokha dokotala wodziwa za opaleshoni yanu atalamula. Amayambitsa zilonda m'chifu, ndipo kwa a bypass ndiye oletsedweratu. Panado ndi amene mungamwe. Muzinena nokha kulikonse kumene mukulandira mankhwala, chifukwa kuno wodwala mawondo amangopatsidwa amenewa osafunsidwa zambiri.

Kuzizirako n'chifukwa choti mafuta amene ankakufunditsani akuchoka ndipo mukudya zochepa. Koma kuchepa kwa magazi nako kumachititsa kuzizidwa, ndiye pokayezetsa paja mutchule. Simukukakamizidwa kuyenda m'mamawa, yendani masana pa nthawi yopuma kapena poweruka.

Ndiwonjezere ziwiri. Mukadzamva kupweteka kwambiri kumanja pansi pa nthiti, makamaka mutadya zamafuta, kapena maso kuchita chikasu, kajambulitseni. Kutsika msanga kumabweretsa timiyala mu ndulu. Chachiwiri, ngati mukadali pa msinkhu wobereka, mimba dikirani miyezi 12 mpaka 18. Thupi likatsika kubereka kumabwerera mwamphamvu, ngakhale kwa amene ankavutika kutenga mimba. Pitani kwa a zakulera mukawafotokozere. Kwa a bypass mapilitsi sadalirika kwenikweni poti salowa bwino m'thupi, bola lupu kapena ka pamkono.

Tamika_265
Apongozi akufuna aone mbale yatha, asisita akuti mimba idikire. Mayi NyaKatoto muli pa ntchito chaka chino.

Bambo_Bypass
Poti tili pa mankhwala, pali LA. Malungo akakupezani, mankhwala aja amalowa bwino m'thupi ukamwera chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, ndipo ife kudya kumavuta kale tikadwala. Ine ndimamwera mkaka, limodzilimodzi, osati onse anayi kukhuthulira m'kamwa. Mukawasanza bwererani kuchipatala, musangokhala.

Ndipo kwa abambo amene mukuwerenga mwakachetechete, ndikudziwa mulipo: mowa umasintha. Botolo limodzi limagwira mwamphamvu kuposa kale, ndipo limagwira msanga. Chaka choyamba osayandikira n'komwe. Ena akasiya kudya kwambiri amakagwera ku mowa osazindikira. Zikafika pamenepo, kapena mtima ukangokhala wosweka osadziwa chifukwa, a St John of God ali konkuno ku Mzuzu ndipo uphungu ndi ntchito yawo.

Mtumiki_Geisha
Funso langa ndi la kusala kudya. Kumpingo kwathu timasala kumayambiriro kwa chaka, ena osamwa ndi madzi omwe mpaka madzulo. Munthu wochitidwa opaleshoniyi angathe?

Namwino_Luwinga
Chaka choyamba ayi, makamaka kosamwa madziko. Wina aliyense akamasula madzulo amamwa makapu atatu n'kudya mbale yodzadza, uyu sangathe kubweza zimene wataya tsiku lonse. Kuwonjeza apo pali mankhwala a shuga. Akambirane ndi abusa, asale zina. Zaka zotsatira afunse dokotala wake.

Mbalagha_FC
Asale Facebook.

Mtumiki_Geisha
Imeneyo ndiye ingakuvuteni inuyo achimwene.

Dalaivala_M1
Ine ndangolowa, ndawerenga zonse. Ndili ndi makilo 140 ndipo ntchito yanga ndi yokhala pansi, Mzuzu Songwe, Songwe Mzuzu, kudya kwake tchipisi ndi nyama za m'njira. Za ku India sindingazikwanitse. Ndamva za jakisoni wa Ozempic, amathandiza?

Namwino_Luwinga
Ndi mankhwala enieni, dzina lake semaglutide, obaya kamodzi pa mlungu. Anapangidwira matenda a shuga, ndipo amachepetsa njala moti anthu amatsikadi. Koma ndi odula, amafuna kusungidwa mozizira, ambiri akasiya thupi limabwerera, ndipo abodza alipo pa msika. Osagula kwa munthu wa pa WhatsApp. Yambani ndi kukayezetsa shuga ndi bipi. Tsegulani mutu wanuwanu a Dalaivala, tikambirane bwino kumeneko, muno tingasokoneze za mayiwa.

NyaKatoto84
Ndabweranso. Chipere ndaphika dzulo monga ananenera a Mlomwe, chatsika popanda vuto, masipuni asanu ndi kadzira kofewa. Kapu ndaichotsa pa tebulo. Usipa wosinja ndiyesa Loweruka ana akapita kosewera. Magazi ndikayezetsa mlungu wamawa.

Tsopano china. Zovala zonse zikundikhuthuka, siketi ya kuofesi ndikuchita kumanga ndi pini. Ndigule zatsopano kapena ndidikire? Komanso khungu la m'mikono layamba kulendewera.

Coach_Masasa
Khungu limabwererako pang'ono m'chaka chimodzi kapena ziwiri, malinga ndi msinkhu, koma lonse ayi. Minofu ikadzadza m'katimo limaoneka bwino. Muzipukuta bwino m'mapindikiro mukasamba, mungachite zilonda.

Tamika_265
Zatsopano musagule, mukutsikabe mpaka chaka chidzathe, mwinanso kupitirira. Kaunjika alipo, ziwiri zitatu zokwanira mwezi umenewo basi. Zachitenje ndiye kwa telala, amangobweza m'mbali.

Bambo_Bypass
Ine masuti anapita kwa telala kawiri konse, kachitatu anakana, akuti adada apa matumba akumana kumbuyo. Lamba ndiye ndinkangoboola ndi msomali.

WakuUsisya
Masuti amene anakanidwawo akadalipo? Ndimavala 46.

Bambo_Bypass
Munanyoza malangizo anga a kondowole inu. Bweretsani ndowa ya usipa tikambirane.